Mota Yosachepetsa Liwiro

Anyamata a zikwanje anafika pachigayo cha golide cha m'ma seveni koloko m'mawa, bambo Domingo asanavule n'komwe jekete imene anakwerera kombi ku Torwood. Anabwera pa lole yopanda nambala, yodzaza miyala mpaka matayala akumbuyo kufwamphuka m'mbali, ndipo pamwamba pa miyalayo panakhala amuna asanu ndi atatu, aliyense chikwanje chili pamiyendo. Mlonda wa pageti, Daison, anachita zimene anamulembera ntchito: anafunsa kuti ndani. Yankho analilandirira paphewa. Chikwanje chinalowa mpaka pafupa, munthu wamkuluyo n'kugwa m'fumbi akuitana mayi ake amene anamwalira kalekale.

Antchito ena anayi sanadikire kuuzidwa. Analumpha waya wakumbuyo n'kulowa m'tchire, wina nsapato imodzi kutsalira pawaya pomwepo. Amene sanathawe anali awiri. Domingo sanathawe chifukwa mawondo a munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi sathamanga, komanso chipinda cha mota mmene anali chili ndi khomo limodzi lokha. Fiskani, mkamwini wake, sanathawe chifukwa cha uchitsiru wa mtundu wina. Anathamangira kugeti, kuvula malaya n'kuyamba kumanga bala la Daison. Anamugwirira pomwepo, manja ali magazi okhaokha.

Za awiriwa tinene pang'ono. Domingo anabadwira m'komboni ya pamgodi, makolo ake atachoka ku Tete kudzafuna ntchito, ndipo anagwira za magetsi zaka makumi atatu kufakitale ya zitsulo ku Redcliff mpaka ng'anjo zinazima. Mwini wa chigayo ichi, amene amakhala ku Gweru, anagula mota yakalekale pamgodi wina wotsekedwa, chitsulo chotalika kuposa munthu, ndipo m'dera lonse la Kwekwe anapeza munthu mmodzi yekha wodziwa kuidzutsa. Domingo ankaipukuta motayo ndi nsanza yoyera kuposa imene ankapukutira nkhope yake. Fiskani anachokera ku Mzimba zaka zinayi zapitazo ndi mabelo a zovala. Malonda anamukana, koma Bernadetta, mwana womaliza wa Domingo, sanamukane. Mkuluyo sanamukonde mnyamatayo ngakhale tsiku limodzi. Ankati amalankhula kwambiri, amaseka nkhani asanaimve, ndiponso munthu wobwera dzana sudziwa kwawo komwe ungakadandaule. Ntchito yothira miyala anamupezera chifukwa Bernadetta analira, osati china. Ankamuitana kuti "akamwini", koma unali ulemu wouma gwa.

Mtsogoleri wa anyamata aja anali Naison, munthu wamfupi wa mawu ofewa, tochi idakali pamphumi ikuyaka ngakhale kunja kunali kutayera. Anakulira m'makomboni a pamigodi, modzaza obwera ngati makolo a Domingo, choncho Chichewa ankachidziwa, chosakaniza ndi Chishona. Analowa m'chipinda cha mota, anzake awiri akukoka Fiskani pambuyo pake.

"Mudhara, ndiwe umadzutsa chigayo?"

Domingo anapitiriza kupukuta motayo. Naison anamukwapula ndi mbali ya chikwanje pakhutu, mkuluyo n'kudzandira mpaka kukagunda khoma.

"Musawamenye chonde!" anakuwa Fiskani. "Ndi apongozi anga amenewo, ndi munthu wamkulu!"

Pakamwa pake paja. Domingo, khutu likulira, anatsinzina ndi mkwiyo. Akanangokhala chete mnyamatayu, akanakhala wantchito wamba woti amupatse makofi awiri n'kumuthamangitsa.

"Hoo, tezvara na mukwasha, apongozi ndi mkamwini," anatero Naison akumwetulira. "Zakhala bwino. Tamvera, mudhara. Miyala ili pa loleyo tailanda m'mawa uno pamgodi wa anthu ena, ndipo eni akewo nawonso zikwanje ali nazo. Ithe yonse isanakwane thili koloko. Mwezi watha mdala wina wa chigayo anatipusitsa, makina awonongeka, makina awonongeka, mpaka apolisi kutipeza. Manje ine sindipusitsidwa kawiri. Chigayo chikangoyamba chisaime. Chikaima kamodzi kokha, dzanja la mukwasha wako litsala pano. Kwa mkazi wake apita ndi limodzi."

Anakokera m'chipindamo chipika cha njanji chimene antchito ankakhalapo podya, kumugwaditsa Fiskani, n'kumanga mkono wake wamanja pachipikapo ndi waya mpaka wayayo kulowa m'khungu. Naison anakhala pa ndowa yovundikira pafupi naye, chikwanje atachigoneka pamawondo.

"Muli miyala ya tsiku lathunthu pa lole imeneyo," anatero Domingo, akupukuta magazi otsika m'khutu.

"Ndiye udzutse msanga."

Tsono mota imeneyi sinali ngati za kuchigayo cha chimanga, zoti ukangotsegula swichi zimadzuka zokha. Akatswiri amaitcha sinkoronasi. Magetsi akalowa m'makoyilo ake akunja, mawaya amkuwa okulungidwa, amapanga mphamvu yokoka imene imathamanga mozungulira, maulendo mazana asanu pamphindi, osachepa osapitirira. Mkati muli gudumu lolemera la mitu khumi ndi iwiri yachitsulo, ndipo mitu imeneyi imasanduka maginito ikadyetsedwa magetsi ochokera ku kadayinamo ka kumapeto kwa shafuti, chitsulo chimene gudumulo limazungulira nacho. Gudumu litaima silingagwire chinthu chothamanga chotero. Limangonjenjemera pamalo amodzi n'kuwotcha waya. Zili ngati kukwera lole ikuyenda: uyenera kuthamanga nayo kaye, liwiro lifanane, kenako ulumphe.

Domingo anayatsa kamota kakang'ono kokankhira. Gudumu lalikulu linayamba kutembenuka mwaulesi, kenaka mwachangu, mphepo yake ikuwulutsa fumbi pansi. Anapotoza kagudumu kamkuwa kamene kamawonjezera magetsi a maginito aja, n'kuima pamaso pa bolodi, dzanja lili pa swichi yaikulu. Pabolodipo panali mababu atatu amene ankayaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima. Liwiro likamayandikira, mababuwo amaphethira mochedwa. Akazima onse, ndiye kuti gudumu ndi magetsi zili pa sitepe imodzi, ndipo nthawi yolumikiza ndi yomweyo. Ukalumikiza akuyaka, mota imadumpha ngati yamenyedwa ndi nyundo ndipo shafuti ikhoza kuthyoka.

"Ukudikira chiyani?" anafunsa Naison. "Yazungulira kale iyo. Kurumidza, fulumira!"

"Aikona. Sinakwane."

Naison anaimirira n'kumusunthira nsonga ya chikwanje m'nthiti, mopanda kulowetsa kwambiri, mongoti malaya anyowe. Domingo anamva kutentha kukutsikira m'chiuno koma maso sanawachotse pa mababu. Anayaka, anazima. Anayaka pang'onopang'ono, anafiira, anazima, ndipo iye anakankha swichi. Mota inati gu kamodzi n'kukhazikika pa mawu ake a masiku onse, mawu amodzi osalala omveka mpaka m'mano. Anakoka chitsulo cha kilachi. Kuseri kwa khoma kirasha yophwanya miyala inayamba kutafuna, ndipo mgolo waukulu wachitsulo, mmene mipira yachitsulo imaperera miyala, unayamba kugubuduzika. Zonse ziwirizi zinkakokedwa ndi mota imodzi yomweyi kudzera m'magiya.

Ola loyamba linayenda bwino. Kenako anyamata aja anayamba nzeru zawo.

Anthu amenewa anali makorokoza, okumba golide m'maenje, ndipo zigayo zimene ankazidziwa ndi zija za injini ya dizilo. Injini yotero ukaithirira kwambiri imadandaula, liwiro limatsika, utsi umada, ndipo wothira amamva ndi khutu n'kupumitsa fosholo. Ndi mmene anaphunzirira ntchito onsewo, pomvetsera. Amene anatenga malo a Fiskani pakamwa pa kirasha anali Courage, mng'ono wake wa Naison, chimunthu chamapewa ngati chitseko. Anathira fosholo, kumvetsera. Mawu a mota anali omwewo. Anathira wilibala yathunthu, kumvetsera. Omwewo.

"Haisati yachema!" anakuwa Courage mokondwa. "Sinalire iyi! Thirani, boyizi, thirani!"

Anasiya kuswa miyala ikuluikulu ndi nyundo, kumangoiponya yathunthu. Wina anapeza mgolo wa mipira yachitsulo yatsopano pakona, ndipo poganiza kuti mano ambiri amatafuna msanga, anayamba kuikhuthulira m'chigayo.

M'chipinda cha mota, muvi wa geji yoyeza magetsi unayamba kukwera. Domingo ankadziwa zimene zinkachitika mkatimo ngati akuziona. Katundu akalemera, gudumu silichepetsa liwiro ngakhale pang'ono. Limangotsalira kam'mbuyo pang'ono, mphamvu yokoka ija n'kutamuka ngati mphira wa legeni, koma likuthamangabe mofanana. Ukawonjezera katundu mphirawo umatamukirabe. Ndipo pali malire amene ukawapyola umaduka nthawi imodzi, popanda chenjezo lililonse lomveka ndi khutu.

"Uzani anthu anu achepetse," anatero Domingo. "Pasopo, chenjerani, mota iyi sichepetsa liwiro. Imapirira mpaka pamene ingathe, kenako imaphonya sitepe kamodzi, basi zatha. Taonani muviwu."

Naison sanayang'ane muvi. Anapendeketsa mutu, kumvetsera, n'kuseka.

"Unondiona sebenzi? Ukundiyesa chitsiru? Ikuimba bwinobwino iyi. Wayamba zija za makina awonongeka."

"Galu wamkota sakandira pachabe, mwana iwe. Ndakhala nayo zaka zisanu ndi ziwiri."

Mawu oti "mwana iwe" ndi amene anamupweteketsa. Chigwiriro cha chikwanje chinamupeza pakamwa. Domingo anagwa chagada, ndipo podzuka analavula dzino limodzi ndi chidutswa cha linzake. Fiskani anayesa kuimirira, waya n'kumung'amba mkono, ndipo Naison anamuponda pamsana ndi jombo mpaka chibwano kugunda chipika.

"Khalani phee, akamwini," anatero Domingo, mawu akutuluka mosokonekera. "Mukungodzipweteka."

Anabwerera kubolodi. Muvi unali utatsala pang'ono kufika pa mzere wofiira, ndipo apa ndi pamene mantha enieni anamugwira. Kuseri kwa bolodiko kunali kachitsulo koteteza mota. Muvi ukakhalitsa pofiira, kachitsuloko kamagwa n'kudula magetsi kuti mota isapse. Domingo ankakasamala kachitsuloko ngati diso, ndipo ku Redcliff anathamangitsapo wophunzira ntchito chifukwa chotseka kachitsulo kotere ndi pepala. Koma lero kakagwa, chigayo chiima, ndipo Naison sadzafunsa kuti chaimitsa n'chiyani. Mkuluyo anatola kamtengo pansi, kulowetsa dzanja kuseri kwa bolodi n'kukapanikiza kachitsuloko kuti kasagwe. Manyazi anamugwira ngati waba m'tchalitchi, koma anakankhabe kamtengoko mpaka kulimba.

Chinatsala chinali kagudumu kamkuwa kaja. Maginito akalimba, gudumu limagwira zolimba ndipo limapirira katundu wokulirapo. Koma magetsi owonjezerawo amadutsa m'waya wakale wokutidwa ndi vanishi wa nthawi ya atsamunda, ndipo waya wotero akatenthedwa sakhululuka. Pa kagudumuko Domingo anali atapakapo kadontho ka penti yofiira ndi dzanja lake, kuti munthu asadzapitirire pamenepo. Anapotoza mpaka pa kadonthoko. Muvi unakhazikika, n'kubwerera pang'ono.

Nthawi ya leveni inakwana, kenako thwelofu. M'chipindamo munatentha ngati mu uvuni. Kudzera pakhomo Domingo anaona kuti pageti pamene panagona Daison panangotsala banga lakuda ndi ntchentche. Antchito othawa aja anali atabwera mokwawa n'kumukokera m'tchire anyamata a zikwanje ali otanganidwa. Lole inali itatsika theka, osapitirira. Courage ankaimba nyimbo za kumowa kwinaku akuponya miyala, thukuta likuyenderera pamsana.

Fiskani anali atasiya kulimbana ndi waya. Zala zake zinali zitatupa n'kuda. Anakweza mutu kuyang'ana Naison.

"Achimwene, ndimasuleni ndikathire ndine. Ndimadziwa mlingo wake. Ndithira bwino, miyala itha, simundiona ndikuthawa."

"Nyarara iwe, tseka pakamwa."

"Akunena zoona," anatero Domingo. "Iyeyo amathira ndi maso, amayang'ana babu imene ndimamuyatsira. Mukamulola, pofika faifi koloko zonse zatha. Kuthamanga sikufika."

"Ndati thili koloko."

Kenaka Naison anatuluka kukakodza, ndipo kwa kanthawi awiriwo anatsala okha ndi phokoso la mota.

"Bambo," anatero Fiskani motsitsa mawu, "ndikumva fungo la waya. Mukuiwotcha."

"Mphuno zanu zigwire ntchito yake, zanga zigwire yanga."

"Ndikuopa, bambo." Buluku lake linali litanyowa. "Ndikabwerera bwanji kwa Bernadetta? Munthu wa fosholo wopanda dzanja ndi munthu wanji? Ku Mzimba sindingabwerere chonchi."

Domingo anafuna kumukalipira kuti mwamuna salira pamaso pa apongozi ake. Koma anayang'ana mkono uja, magazi a Daison atauma mpaka m'chigongono, ndipo anakumbukira kuti anzake anayi analumpha waya pamene mnyamatayu anathamangira kugeti. Chifundo chinamubwera mosayembekezera, ndipo chinamukwiyitsa chifukwa sichinali nthawi yake.

"Siima," anatero mwaukali. "Ndili pano ine."

Cha m'ma wani koloko magetsi a m'dera lonselo anafooka, monga amachitira masana migodi yonse ikamakoka nthawi imodzi. Magetsi akafooka, mphamvu yogwira gudumu ija imafookanso. Muvi unayamba kuvina, kupita kumanja, kubwerera, kupita patali, kubwerera. Gudumu linali likutsalira n'kuthamangira, kutsalira n'kuthamangira, kufunafuna sitepe yake. Domingo anagwira kagudumu kamkuwa ndi manja awiri n'kupyola kadontho kofiira kaja. Anapotozanso, ndi kupotozanso. Makala olowetsa magetsi pamphete za shafuti anayamba kuthetheka timoto tobiriwira. Utsi woonda unatuluka pakati pa makoyilo, fungo lake lowawa pakhosi. Zaka zisanu ndi ziwiri anaisamala mota iyi osailola ngakhale kutentha thupi, ndipo lero ankaiphika yekha ndi manja ake. Misozi inatsika, ya utsi ndi ina yosakhala ya utsi. Koma muvi unaleka kuvina.

Anawerengera m'mutu. Waya ameneyu akhoza kupirira ola limodzi, mwina ndi theka. Magetsi amabwerera mphamvu cha m'ma thu koloko. Akangofika pamenepo abweza kagudumu, mota ipume, ndipo mwina, ngati Mulungu alola, lole itha. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anaona ngati zitheka.

Chakudza sichiimba ng'oma. Foni ya Naison inalira. Anamvetsera pang'ono chabe, nkhope n'kusintha, n'kuthamangira pakhomo.

"Courage! Eni miyala atipeza! Akuti adutsa pa mlatho ndi malole awiri! Thirani zonse, manje manje!"

"Ayi!" Domingo anakuwa mpaka magazi kuthovoka pakamwa. "Ayi, musatero! Yatsala pang'ono kuduka! Chonde, ndagwira mwendo!"

Anagwadadi mkulu uja, kugwira jombo ya mwana woti akanatha kumubala. Naison anamukankha ndi bondo kumaso n'kutuluka kukathandiza anzake.

Panja, amuna asanu ndi mmodzi anakweza lole chafutambuyo mpaka pakamwa pa kirasha n'kuyamba kukokolola miyala ndi mafosholo ndi manja omwe. Panali mwala umodzi waukulu ngati thumba la chimanga, woyera ndi mitsempha yachikasu, umene anali atausunga pambali kuti adzauswe bwino. Courage anaukumbatira yekha, kuunyamula, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Anamvetsera kaye, monga anaphunzirira. Mota inkaimba mawu omwe aja a m'mawa. Anauponya.

Domingo anaona muvi ukupita mpaka kumapeto n'kugunda kachitsulo koimitsira. Anapotoza kagudumu mpaka kukana. Panalibenso kopita.

Mota inaphonya sitepe. Kunamveka kugunda kumodzi kumene kunagwedeza simenti pansi pa mapazi awo, kenako kwina, kenako kwina, mwachangu, mitu yachitsulo ija ikukokedwa kutsogolo ndi kukankhidwa m'mbuyo ndi mphamvu imene inkayenera kuinyamula. Mababu atatu aja anaphulika. Maboti omanga mota pansi anatukuka, chitsulo cholemera ngati njovu ziwiri chikudumpha pamalo pake. Kuseri kwa khoma giya yaikulu inalephera kupirira kugwedezako. Mano ake anathyoka motsatizana n'kuuluka, kuboola malata. Chidutswa chimodzi chachikulu ngati njerwa chinamupeza Courage pansi pa chibwano akadali chiweramire pakamwa pa kirasha. Sanakuwe. Anagwera chagada pamiyala yawo yolanda ija, miyendo ikupalasa, magazi akutumphuka m'khosi.

Mgolo wa chigayo unagubuduzika kamodzi, kubwerera theka, n'kuima.

Mota yokha sinaleke, chifukwa kachitsulo koyenera kudula magetsi kanali kopanikizidwa ndi kamtengo. Inkangobangula, gudumu likudzikoka mwapang'onopang'ono, malawi akutuluka m'makoyilo ndi mkuwa wosungunuka ukudontha pansi. Domingo anadzuka kuti akakoke swichi yaikulu. Asanafikepo, Naison anatulukira pakhomo.

Malaya ake anali ofiira kuyambira pachifuwa mpaka m'chiuno ndi magazi a mng'ono wake. Mawu ofewa aja anali atatha. Ankalira ngati mwana, kukamwa kuli yasa, chikwanje chili m'mwamba kale.

"Wamupha! Waimitsa dala, mudhara, wamupha Courage!"

Sanapite kwa Domingo. Munthu ameneyu anali atanena chinthu m'mawa, ndipo ngakhale mumisala yakeyo anapita kumene ananena. Anaponda chipika ndi jombo. Fiskani anakuwa dzina la mkazi wake n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

Tisaname kuti Domingo anaganiza. Panalibe nthawi yoganiza za Bernadetta, kapena za amene ali ndi zaka zambiri zogwira ntchito kutsogolo. Swichi inali kumanzere kwake, chipika kumanja, ndipo mawondo okana kuthamanga aja anamuponyera kumanja. Anagwera pa Fiskani n'kuphimba mkono womangidwawo ndi dzanja lake lamanja.

Chikwanje chinatsika. Chinadutsa pakati pa chikhatho, kudula mafupa anayi ngati nzimbe, n'kukaima pa waya uja womanga mkono wa Fiskani. Zala zinayi zinagwa mbali ina ya chipika zidakali zolumikizana. Domingo anayang'ana chala chachikulu chimene chinatsala chokha, chikugwedezeka, ndipo ululu unachedwa kufika. Utafika unamutsekera mpweya.

Naison anazula chikwanje n'kuchikwezanso. Panja lole inaliza hutala mosalekeza.

"Mukoma, handei, tiyeni!" anakuwa woyendetsa. "Afika! Fumbi lawo ilo!"

Anaima kamphindi, akuyang'ana mkulu wogona pa mkamwini wake, magazi a awiriwo atasakanikirana pachipika. Kenako anawalavulira n'kuthamanga. Anaponya mtembo wa Courage pamwamba pa miyala yotsala, ena akukokolola matope a golide m'ndowa ziwiri, ndipo lole inatuluka pothyola waya wakumbuyo. Malole awiri aja sanaime n'komwe pachigayo. Anadutsa pageti ndi liwiro, amuna akugwedeza zikwanje m'mwamba, kulondola fumbi la akuba aja.

Fiskani anapisa dzanja lamanzere m'thumba la ovolosi ya apongozi ake, kutulutsa pulayala n'kudula waya. Mkono wake unali ndi bala lozungulira ndi kamzere kamodzi ka chikwanje, koma zala zonse zisanu zinali pamalo pake. Anavula lamba n'kumanga mkono wa Domingo pamwamba pa chigongono, akukoka ndi mano chifukwa dzanja lake lotupalo linali lisanayambe kumva.

"Kokani kwambiri," anatero Domingo, mawu ali kutali. "Lowetsani sipanala, mupotoze. Eya, choncho." Anapuma movutikira, maso n'kupita ku mota. Utsi wakuda unali utadzaza kudenga ndipo malawi anali atagwira matabwa a bolodi. "Akamwini, swichi yaikulu. Kaizimitseni. Makoyilo akunja mwina apulumuka."

Fiskani anayang'ana swichiyo. Chigwiriro chake chinali mkati mwa moto, ndipo kuti apeze choikokera pakanapita mphindi zimene magazi akutuluka pa lamba paja sakanadikira. Zaka zinayi zonse mnyamatayu anali asanakanepo mawu a apongozi ake, ngakhale opanda pake.

"Ipse, bambo."

"Mwati chiyani?"

"Ndati ipse."

Anatola nsanza pansi, kuwerama kuseri kwa chipika, kukulunga zala zija mosamala n'kuziika m'thumba la buluku. Kenako anagwada, kumukokera mkuluyo kumsana n'kudzuka naye. Domingo anali wopepuka kuposa mmene ankaonekera. Anatuluka mu utsi, kudutsa pageti, n'kulowa mumsewu wafumbi wopita kumsewu wa tala, makilomita awiri dzuwa lili pamutu. Fiskani ankathamanga pang'ono, kuyenda pang'ono, ndipo pakamwa pake sipanatseke njira yonse.

"Musagone, bambo. Mukundimva? Tikangofika patala tiimitsa galimoto iliyonse, ngakhale ya nkhumba. Zala ndatenga, zili m'thumba muno, zonse zinayi. Madokotala a masiku ano amasoka, bambo. Ndinamva kuti wina ku Joni anamusoka mkono wonse, pano akuyendetsa thekisi. Tikafika msanga asoka. Mumva kuwawa masabata angapo basi, kenako mugwiranso pulayala. Mukundimva, bambo?"

Domingo anali ataona manja ambiri odulidwa m'zaka zake za kufakitale, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti zala zimene zagwera m'fumbi ndi girizi, zokulungidwa m'nsanza ya mafuta, palibe amene adzazisoke. Anatsegula pakamwa kuti amuuze mnyamatayo asiye kubwebweta. Koma anamva msana umene anagonerawo ukugwedezeka ndi kulira, ndi dzanja lamanja la Fiskani, lotupa, lathunthu, litamugwira zolimba pansi pa ntchafu kuti asagwe.

"Ndikumva," anatero. "Asoka. Tiyeni."